Malaya Amene Anatsala Pachingwe

Fakitale ya mabulangete itatsekedwa, msewu wa kuseri kwake sunafe tsiku limodzi. Unkangotha pang'onopang'ono ngati sopo. Anayamba kuchoka ndi anyamata, kenako abambo a mabanja, mapeto ake ngakhale wosoka nsapato wa pakona anamanga zitsulo zake, poti munthu wosapita kuntchito satha nsapato. Otsala anali a mitundu iwiri: amene analibe kolowera, ndi amene anali ndi womudikira. Anasimbi anali a mtundu wachiwiriwu, ngakhale mukanawafunsa akanakuuzani kuti chinawasunga ndi makasitomala.

Dzinali linachokera ku ntchito yawo yosita zovala za anthu. Ankasitira m'chipinda cha kumaso kwa nyumba, pa thebulo lalitali loyalidwa bulangete lotuwa la m'fakitale momwemo, lomwe linali litauma gwa ndi kutentha. Simbi anali nazo ziwiri. Ya magetsi inkagwira ntchito magetsiwo akafuna, pomwe ya makala sinkadziwa kunyanyala. Pambali pankakhala botolo la madzi lobooledwa pachitsekerero, lowazira nsalu zouma mutu. Msewu wonse unkadziwa chinthu chimodzi chokhudza mayiwa: chiyambire ntchitoyi ali mtsikana, sanawotchepo chovala cha munthu, ngakhale kampango. Iwo eni sankazinena, koma wina akazinena sankamuletsa.

Kuseri kwa chitseko kunkapachikika malaya oyera a timizere tabuluu. Anali a mwana wawo wamwamuna, mmodzi yekhayo, amene ankagwira ntchito ku chigawo cha utoto, manja ake osayera ngakhale Lamulungu. Fakitale itatseka, anakwera basi yopita ku mizinda ya kumadoko kukasaka ntchito. Dzulo lake kunagwa mvula, ndiye m'mawa wonyamukawo malayawo anali adakali onyowa pachingwe.

"Asiyeni, amayi, anganyowetse zinzake m'chikwama," anatero. "Ndidzavala ndikabwera."

Poyamba ankaimba foni pafupipafupi. Kenako ankaimba patalipatali, ndipo tsiku lina nambala ija inayamba kuyankhidwa ndi mayi wa m'makina uja wonena kuti sikupezeka. Wina anati anamuona akunyamula matumba padoko, wina anati anakwatira, winanso anati anakwera sitima. Nkhani za kutali zimabwera zopanda mchira, ndipo Anasimbi anasiya kuzifunsa. Koma madzulo aliwonse akamaliza chovala chomaliza, simbi inkakhala idakali ndi moto pang'ono. Ankati kutaya moto wotero n'kuwononga makala, ndiye ankatsitsa malaya aja n'kuwadutsitsa simbi, kolala, manja, msana, n'kuwabwezera pa hang'ala. Za makalazo zinali zonamizira. Zoona zake n'zakuti anapukwa mwana wawo, ndipo kupukwako sikunkachepa ndi zaka monga anthu ankawalonjezera.

A filimu anafika nyengo yotentha, anthu awiri okha. Mtsogoleri anali mtsikana wokulira mumsewu womwewo, mwana wa malemu alonda a pageti la fakitale, amene anapita kukaphunzira n'kubwera ndi kamera yobwereka. Mnzake anali mwamuna wamtali wosalankhula, wonyamula maikolofoni yovekedwa ubweya kunsonga kwa ndodo yaitali. Aneba a Anasimbi, ometa tsitsi a tsidya la msewu, omwe pakamwa pawo sipankatsekeka ngati lumo lawo, anangoyang'ana kamodzi n'kufunsa kuti mphaka wapachikidwa pamtengoyo walakwanji. Kuyambira pomwepo wamtaliyo anakhala Amphaka. Mtsikanayo dzina lake linachedwerapo pang'ono, koma atajambula wogulitsa makala akutsitsa thumba limodzi lomwelo mpaka msana kuwawa, onse anagwirizana zomutcha Bwerezani, poti ndiwo anali mawu ake.

Analibe bwana, analibe galimoto, ndipo mwini kamera ankaifuna pakutha pa mwezi. Chimene anali nacho chinali cholinga, ndipo ankachifotokoza maso ali gwa.

"Ndikufuna dziko lione kupirira kwathu," ankatero. "Fakitale inagwa, koma anthu ake sanagwe."

"Kupirira?" anatero Ometa, akukutumula tsitsi pa nsalu. "Kani ndi dzina lake limenelo? Ifetu timangoti kwacha."

Atafika kwa Anasimbi, anakanidwa asanakhale pansi.

"Nkhope yokwinyika ngati iyi ukaionetse ndani, mwana iwe? Kajambule atsikana."

"Ndikufuna inuyo, amayi. Ine ndinakula ndikuona utsi wa simbi yanu."

"Utsiwo ukaujambule panja. Ndiye filimuyo adzaonera ndani, ifeyo tomwe?"

"Ayi, amayi. Ndikaitumiza ku mizinda ikuluikulu, mpaka ya kumadoko komwe. Pambuyo pake aliyense adzatha kuionera pafoni."

Anasimbi anaimika simbi pa chitsulo chake. Anapinda siketi yomwe inali pathebulo, anaifunyululanso, n'kuipindanso.

"Kumadoko," anatero. "Bwerani mawa, dzuwa likapendeka. M'mawa ndimakhala ndi za ana asukulu."

Tsiku loyamba anawalandira atavala diresi la ku ukwati, ndolo ndi zonse. Bwerezani anachita kugwada powapempha kuti abwerere ku epuloni yawo yofwifwa ya masiku onse. Analola monyinyirika. Kenako panabwera lamulo lachiwiri, lomwe linali lovuta kuposa loyamba.

"Musayang'ane mu kamera, amayi. Muzingosita ngati ife kulibe."

"Muli pano anthu awiri ndi mphaka, ndiye ndiziti kulibe?"

"Ndi mmene filimu imakhalira. Mukayang'ana, woonera amadziwa kuti mukudziwa."

Anasimbi anavomera ndi mutu, koma simbi ikangoyenda kawiri maso awo ankadzuka okha n'kukalowa m'galasi lakuda la kamera. Bwerezani ankaimitsa. Ankayambanso, maso ankadzukanso. Mtsikanayo ankaganiza kuti ndi manyazi a munthu wosazolowera kamera, koma sanali manyazi. Mumtima mwawo mayiwa ankadzifunsa kuti munthu angamupatse bwanji moni mwana wake atamufulatira. Ngati galasilo linali zenera loyang'ana kumadoko, iwo ankafuna aime pazenerapo.

Panalinso vuto lina lomwe palibe analiganizira. Kubwereza kusita kumafuna makwinya, ndipo chovala chodutsa m'manja mwa Anasimbi sichinkatsala ndi khwinya. Bwerezani anangotola buluku lomwe linali litangositidwa kumene, n'kulifinya ngati akuchapa. Mwatsoka linali la Ometa, ndipo eni ake anali pazenera kuonerera zaulere.

"Buluku langa!" anakuwa. "Ndikupita nalo kwa apongozi limenelo! Kupirira kwanuko muyesere pa zovala za ena!"

Bwerezani anapepesa, n'kutembenukira kwa Anasimbi. "Palibe chovala choti mwini wake sakuchifuna msanga, amayi?"

Anasimbi anaganiza za mwana wawo. Nkhope yawo inali itasintha, ankadziwa. Tsitsi linali litayera, masaya atalowa, ndipo pa kagalasi ka foni munthu akhoza kupitirira mayi ake osawazindikira. Koma malaya ake sangawaiwale. Batani lachitatu linali losiyana ndi anzake, analisokerera okha loyambalo litatayika pa mpira. Anapita kuseri kwa chitseko n'kuwatsitsa.

"Awa," anatero. "Eni ake sakuwafuna msanga."

"Oyera! Abwino zedi ndi kuwala kwa pazenerali," anatero Bwerezani mosangalala. Anawalandira, n'kuwakwinya ndi manja awiri, kuwapota, kuwapanga mpira, mpaka kuwakanikiza pabondo kuti makwinya agwire bwino.

Anasimbi anamva ngati wina wawaponda pachilonda. Malaya amenewa anali asanaonepo khwinya chichokere pachingwe paja. Anafuna kuwalanda, koma anagwira m'mphepete mwa thebulo n'kumeza mawu. Walira mvula walira matope. Anawayala pa bulangete, anawaza madzi, n'kuyamba ndi kolala monga mwa masiku onse. Atamaliza, mtsikanayo anati kunja kunadutsa njinga yamoto, phokoso lalowa. Anawakwinyanso. Kenako mtambo unaphimba dzuwa. Anawakwinyanso. Pofika madzulo Anasimbi anali atasita malaya amodzi omwewo mpaka dzanja kuchita dzanzi, ndipo alendo atapita anakhala pampando atawafungatira pamiyendo, akuwapepesa chamumtima.

Patapita masiku angapo Bwerezani anabwera ndi kompyuta yake kudzawaonetsa zomwe analumikiza. Ometa anabwera osaitanidwa, kasitomala atamusiya ndi mutu wometedwa mbali imodzi. Anaona geti la fakitale lomera udzu, chumuni chopanda utsi, wogulitsa makala ndi thumba lake lija. Kenako panabwera manja awiri okalamba akuyendetsa simbi pa nsalu yoyera, nthunzi ikukwera mokongola. Anasimbi anadikira nkhope. Inaoneka kamodzi, cham'mbali, itawerama, n'kuzimirira. Timizere tabuluu sitinkaoneka chifukwa cha kuwala, ndipo batani lija linali pansi pa dzanja lawo. Ponse pomwe anadzutsa maso panali patadulidwa.

"Nanga nkhope yanga ili kuti?"

"Manja anu ndi amene akunena nkhani, amayi. Taonani mmene akuonekera."

"Manja a nkhalamba amafanana onse," anatero Anasimbi.

Bwerezani anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Anati kwatsala kachigawo kamodzi kokha, koti iwo alankhule uku akusita, ndipo kayenera kujambulidwa mawa lake chifukwa mkuja kamera ikubwerera kwa mwini wake. Anasimbi anamvetsa bwino lomwe tanthauzo lake. Filimu idzafika kumadoko, mwana wawo mwina adzaionera atakhala pa thumba nthawi yopuma, adzaona manja a mayi wina wake akusita nsalu ina yake, n'kupitiriza kudya.

Mawa lake magetsi anathima kuyambira m'mawa, choncho anakoleza ya makala. Makala ake anali a mtengo wolimba, moto wake waukali, ndipo anaiyesa pa bulangete kawiri asanaiike pa nsalu. Amphaka anakweza ndodo yawo pamwamba pa thebulo. Bwerezani anakwinya malaya aja, anawapereka, n'kubisala kuseri kwa kamera.

"Funso ndi limodzi, amayi. Anthu ambiri anachoka. Inu chinakulimbitsani mtima n'chiyani kuti mukhale?"

Yankho anali atalikonza kale, loyenera filimu ya kupirira. "Ntchito ya manja anga," anatero, maso ali pansi. "Munthu ukakhala ndi manja sugona ndi njala."

"Zabwino. Bwerezani, amayi, koma pang'onopang'ono."

Anabwereza pang'onopang'ono.

"Bwerezaninso. Zikumveka ngati mukuwerenga pa khoma la kuchipatala. Munene zochokera mumtima, ngati mukuuza munthu wanu."

Mwana ameneyu sankadziwa chimene ankapempha. Anasimbi anali atafika pamsana pa malaya, pansi pa kolala. Dzanja linaima. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana m'galasi lakuda lija mosaphethira, ndipo ulendo uno sanabweze maso.

"Iwe," anatero. "Ndine mayi ako. Usadabwe tsitsili, layera lokha, sindikudwala."

Bwerezani anatsegula pakamwa kuti aimitse, koma Amphaka, omwe chifikire anali asananenepo kanthu, anamugwira paphewa ndi dzanja lomwe linali lopanda ntchito.

"Khomo ndi lomwe lija, sindinasamuke. Kiyi amakhala pomwe ukudziwa paja. Malaya ako anauma kalekale, ndi awa, taona batani lako lija. Sindikufuna kanthu, wamva? Usachite manyazi kubwera chimanjamanja, unabadwanso chimanjamanja ndipo ndinakulandira. Ngati unakwatira, bwera naye, ndimuone. Ngati zinakuvuta, nanga ife kuno ukuyesa zikutiyendera? Akuti ndinene chimene chinandilimbitsa mtima. Palibe chinandilimbitsa mtima ine. Ndinangoopa kuti ungabwere n'kupeza pakhomo pali anthu ena, n'kuyamba kufunsa kwa aneba ngati mlendo. Ndakusowa, mwana wanga. Ndimakusowa m'mawa, koma makamaka madzulo ndikamaliza ntchito, poti nthawi imeneyo ndi imene unkalowa n'kufunsa kuti kuli chiyani cha pamoto."

Akanapitiriza. Mawu anali atasungidwa nthawi yaitali ndipo ankatuluka okha. Sanamve fungo, iwo amene ankadziwa kutentha kwa simbi pongoiyandikiza patsaya. Anangoona ndodo ya Amphaka ikugwedezeka, kenako Bwerezani akudumpha kuchokera kuseri kwa kamera, akukuwa kuti "Amayi, simbi!" n'kuikwatula m'dzanja mwawo.

Utsi unakwera pakati pawo. Pamsana pa malaya panali chithunzi cha simbi yonse, chofiirira m'mbali, chakuda pakati, mphuno yake italoza kukolala. Anasimbi atawanyamula, pakati pakudapo panagwa ngati phulusa, ndipo kudzera pabowolo anaona kamera idakali ndi kanyali kake kofiira.

Ngakhale Ometa, omwe anali pazenera monga mwa chizolowezi, anavula chipewa n'kusowa chonena, chinthu chomwe msewu uja unali usanaonepo.

"Anali a achimwene?" anafunsa Bwerezani. Ankamukumbukira mnyamata wa manja a utoto amene ankamunyamula paphewa pageti la abambo ake. "Amayi, bwanji simunanene? Ine ndakhala ndikuwakwinya ngati chigamba! Pepani, pepani ndithu. Ndichotsa zonsezi, palibe adzaone kuti munawotcha. Tijambula china, Ometa atibwereka malaya."

"Ndibwereka," anatero Ometa mofatsa. "Ngakhale buluku lija."

Anasimbi anayala malayawo pathebulo, n'kusalaza m'mbali mwa bowolo ndi chala. Manyazi anawagwira, osanama. Mbiri ya moyo wonse inali itapsa pamaso pa anthu, ndipo pofika mawa msewu wonse udzakhala utamva. Koma pansi pa manyaziwo panali ganizo lina, ndipo linkakula.

"Chija chajambula?" anafunsa, akuloza kamera ndi chibwano.

Amphaka anasuzumira. "Zonse, amayi. Mawu omwe, ndi utsi womwe."

"Ndiye usachotse kanthu."

"Koma amayi, anthu adzati..."

"Anthu adzanena, adzatopa. Tamvera, mwana iwe. Mawu anga aja akhoza kuwamva n'kunena kuti amayi ndi momwemo, amakonda kudandaula, ndidzapita chaka chamawa zikayenda. Ndimamudziwa, ndinamubala ndine. Koma iye uja ankamenyana ndi anzake kusukulu wina akanena kuti amayi ake angawotche chovala. Akadzaona kuti ndaiwala simbi pansalu, ineyo, sadzafunanso womuuza. Adzadziwa yekha kuti asachedwe."

Bwerezani anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Anali mwana woona mtima, ndipo kuona mtima nthawi zina kumabwera pa nthawi yolakwika.

"Sindingalonjeze kuti adzaionera, amayi. Filimu zathuzi nthawi zina zimaoneredwa ndi anthu osadzaza n'chipinda chino."

"Sindinakupemphe lonjezo. Lonjezo ndili nalo kale, lakhala kuseri kwa chitseko zaka zonsezi. Iwe ungoika nkhope yanga, yoyang'ana kutsogolo, ndi bowoli."

Mtsikanayo anagwedeza mutu. Anayang'ana kamera, anayang'ana kuwala kwa pazenera komwe kunali kutayamba kufiira, ndipo aliyense anaona kuti mawu ake aja afika pamilomo, poti chithunzi chinali chitapendama pomwe anadumpha paja. Anawameza. Anazimitsa kamera n'kuyamba kupinda miyendo yake.

Atapita onse, Anasimbi anamaliza mayunifolomu awiri omwe anatsala, mosamala kuposa kale, akuyesa simbi pa bulangete nthawi iliyonse. Atapachika yomaliza, simbi inali idakali ndi moto pang'ono. Anaima nayo m'dzanja kwa kanthawi. Kenako anatenga malaya aja, anasita kolala, anasita manja onse awiri ndi kutsogolo komwe kuli batani losiyana lija, akulambalala bowolo. Anawapachika kuseri kwa chitseko, msana utayang'ana kukhoma, kuti wolowa ayambe waona mbali yabwino.